A. Chimbalanga ndi Mwana

Balaka
12 February 2024

Mwana wanga Sungeni,

Ndikhulupirira uli bwino ndipo chisanu cha kumeneko sichinakumalize. Kuno tili moyo. Mvula inadula ndipo chimanga chikufota, koma zimenezo umva kwa mng'ono wako Juliet, amene nkhani zodandaula amazitha kuposa ine. Makutu anga ndi omwe aja, pafoni ndimangomva ngati munthu akulankhulira m'chitini. Choncho ndalembanso papepala kuti Juliet ajambule akutumizire. Nawenso uzilemba zoti ndiwerenge.

Milungu isanu yatha uli zii. Unanena kuti makina amene mwakhala mukupanga kuntchito kwanu ku Mississauga akayesedwa pa 9 January. Ndinauza anzanga a kumphakati ndipo tinapemphera. Tsopano akundifunsa zotsatira, ine n'kumangoti akuwerengabe. Kodi akuwerenga chiyani mwezi wonsewu?

Undifotokozerenso ntchito ya makinawo m'Chichewa cha munthu wokonza mawailesi. Zondiwe, uja wokonza mafoni pafupi ndi shopu yanga, akufalitsa pamsika kuti mwana wa Chimbalanga akupangira azungu mabomba. Ndikufuna ndimutseke pakamwa ndi zenizeni.

Dzulo mayi wina wa ku Utale anabweretsa wailesi ya malemu amuna ake. Nditatsegula ndinapeza dzanja langa lomwe, pensulo ikuonekabe bwinobwino: A. Chimbalanga ndi Mwana, 3-6-1999. Unali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ukukhala pabenchi n'kumandipatsa masikuluu. Unkandifunsa chifukwa chimene ndimalembera m'kati mwa wailesi iliyonse, ine n'kumati ikafa, mwini wake adziwe wokamufunsa. Yagwira ntchito zaka makumi awiri ndi zisanu ndipo mayiyo sanasochere, anafika pakhomo loyenera.

Akapezeka wobwera kumudzi, unditumizire galasi lokulitsa zinthu, langa linasweka. Upereke moni kwa a Sakala ndi mayi a kunyumba kwawo. Munthu amene anakakulandira pabwalo la ndege asanakuonepo ndi m'bale wanga, ngakhale ndi wa ku Chipata.

Ndine bambo wako,
Ambrose Chimbalanga

North York
25 February 2024

Okondedwa Bambo,

Ndalandira kalata yanu ndipo ndakondwa kuti muli bwino. Ine ndili bwino. Pepani pochedwa, ntchito yachuluka, ndipo ulendo wa sitima ndi basi kupita ku Mississauga umandidyera maola atatu tsiku lililonse.

A Zondiwe muwauze izi. Pali tinthu tosaoneka ndi maso totchedwa manyutroni. Akatswiri amatiwomba kuti tidutse m'kachinthu kamene akufuna kukadziwa m'kati mwake, kaya ndi mankhwala, sopo kapena pulasitiki. Podutsapo timapatuka pang'ono kwambiri, moti kuti muone kupatukako muyenera kuima patali, mamita angapo kumbuyo. Pamenepo ndi pamene pamaima chimene ife timapanga, ditekita. Ndi bokosi lotsekedwa, lodzaza mpweya wapadera, ndipo m'kati mwake muli mawaya opyapyala kuposa tsitsi, okungidwa pamafelemu a seramiki, dongo lootcha lolimba lija, okhala ndi magetsi oposa mavoliti zikwi ziwiri. Nyutroni iliyonse ikagwera m'bokosimo, mawayawo amanena pamene yagwera. Kuchokera pa chithunzi chimenecho akatswiri amadziwa kukula ndi maonekedwe a tinthu ta m'kati mwa mankhwala aja. Maditekita akale amaona mwachimbuuzi. Athuwa tinayandikizanitsa mawaya kuti aziona bwino ndi kuwerenga msanga. Bomba palibe.

Koma mayeso sanayende bwino. Tinanyamula ditekita kupita nayo kumene kuli gwero la manyutroni, ndipo titayatsa inayamba kuwerenga alendo amene sanabwere. Chitseko cha manyutroni chili chotseka, pakona ya kumanzere m'munsi pankangowala pasikirini. Tsiku lachitatu magetsi anathetheka m'kati, zonse n'kuzima. Abwana athu, mayi Sandra, akuti vuto ndi mawaya, ndipo amene anakunga mawayawo ndi a Sakala. Bokosilo sanalitsegule, akudikira makina opopera mpweya uja chifukwa ndi wodula kwambiri, sungatayidwe.

Bambo, ndikupempha kuti musiye kaye kuuza anthu za ntchito yanga, kumphakati ngakhale pamsika. Chithunzi changa chija munapachika mushopu, mwina muchichotse.

Ndili ndi funso. Dzina lija mumalemba ndi pensulo, mumalemba pati kwenikweni? Paliponse pamene mwapeza malo? Kodi palibe amene anakuuzanipo kuti zingawononge chinthu?

Galasi ndagula, lidzabwera ndi mayi wina wa kutchalitchi mu April.

Mwana wanu,
Sungeni

Balaka
6 March 2024

Achemwali,

Muli bwanji? Kuno ife tili bwino, kupatula mmodzi amene mwamulasa, ndiye ndalemba ndekha chifukwa mwini wakeyo akuti alibe mawu.

Kalata yanu anaiwerenga kawiri pafoni yanga, kenako anandituma kukaisindikiza kuti aiwerenge kachitatu. Za manyutroni zija anakondwa nazo, mpaka anajambula bokosi lanu pakatoni n'kukamuonetsa Zondiwe. Koma ya kumapeto ija, achemwali, munaiganizira? Munthu wakhala akulemba dzina lake m'mawailesi kuyambira inu musanabadwe, lero mukumufunsa ngati palibe amene anamuuzapo? Iwo amva kuti mwaphunzira kwambiri tsopano ndipo ntchito yawo mukuiona ngati ya umbuli. Amva kuti mukuchita manyazi kuti chithunzi chanu chili pakati pa mawailesi akufa.

Chithunzicho achotsa, achikulunga m'nyuzipepala. Loweruka anagula kachitini ka utoto woyera, anakwera pampando n'kupaka mawu awiri pachikwangwani cha shopu. Pano pangotsala A. Chimbalanga, kutsogoloku kuli mbee. Nditawafunsa anati mwanayo anakula, asamamukokere pamsika.

Ine sindinapite patali ndi sukulu ngati inu, ndimangogulitsa zitenje, koma ndikudziwa kuti simulemba chonchi popanda chifukwa. Mwadwala? Pali mwamuna? Akuthamangitsani? Nenani zoona, chifukwa madala akudya ngati mbalame ndipo ine ndatopa kukhala pakati.

Mng'ono wanu,
Juliet

North York
10 March 2024

Juliet mng'ono wanga,

Zikomo pondiuza. Sindikudwala ndipo mwamuna palibe. Kalata iyi ndi yako wekha, usawaonetse bambo.

Ditekita ija ndinaipha ndine. Tsiku lotseka bokosi, mu December, ndinatsala ndekha m'chipinda choyera chimene timalowamo titavala zophimba thupi lonse, ndi tsitsi lomwe. Ndinali ndi chimwemwe chosaneneka. Zaka zitatu za ntchito zinali patebulo, ndipo ndinakumbukira benchi lija la kushopu. M'thumba ndinali ndi kapensulo, ngakhale m'chipindamo saloleza. Ndinatembenuza kambale ka seramiki ka pakona ya kumanzere m'munsi, n'kulemba kunsi kwake tizilembo ting'onoting'ono: A. Chimbalanga ndi Mwana, ndi deti. Ndinkafuna dzina la bambo lilowe m'makina amene akatswiri adzagwiritse ntchito zaka zambiri. Ndinamanga kambaleko ndikumwetulira ngati chitsiru.

Chakuda chija cha m'pensulo chimadutsa magetsi, Juliet. Ndinaphunzira zimenezi ku Fomu 2. Kambale kaja ntchito yake ndi kutchinga magetsi, ine n'kuwalembera njira ndi dzanja langa. Tsiku la mayeso, pakona paja patayamba kuwala, ndinadziwa nthawi yomweyo. Mayi Sandra anafunsa ngati pali amene akudziwapo kanthu, ndipo ine ndinayang'ana nsapato zanga.

Tsopano mlandu wagwera a Howard Sakala. Ali ndi zaka 61 ndipo akhala akukunga mawaya pakampani pathu zaka khumi ndi zinayi. Anthu ayamba kunong'ona kuti manja awo ayamba kunjenjemera. Kontirakiti yawo ikutha pa 30 April ndipo auzidwa kuti saiwonjezera. Pamsinkhu wawowo ntchito ngati imeneyi sadzaipezanso. Awa ndi anthu amene anandigoneka pabalaza pawo ku Brampton miyezi iwiri, anandigulira jekete loyamba, anandiphunzitsa kugwira waya osaudula. Lamlungu lapitali mayi Mathilda, akazi awo, anandipakulira chikanda n'kunena kuti, "Idya, mwana wanga, iwe ndiwe weka wamene ukali kumupatsa moni mudala ku office."

Ndikaulula akhoza kundichotsa, ndipo pemiti yanga yokhalira kuno yamangirira pa ntchito yomweyi. Bokosi akulitsegula pa 21 March, ndipo woyamba kulowa, wochotsa timbale, ndine. Kathonje konyowetsa ndi sipiriti kangafufute zonse pa mphindi imodzi. Ndakhala ndikuganiza za kathonje kameneko tsiku lililonse m'basi, ndipo sindikuuza kuti ndakana.

Bambo sindikuchita nawo manyazi. Ndikuchita manyazi kuti nkhope yanga ili pakhoma pawo.

Sungeni

Balaka
17 March 2024

Sungeni mwana wanga,

Moni. Usamukalipire Juliet. Anayesetsa masiku asanu, koma mwana ameneyu chinsinsi chimamuyabwa, ndipo ndinamupeza akulira kuseri kwa zitenje zake.

Ndawerenga zonse. Funso lako lija linali lenileni, ine n'kuliyesa chipongwe. Ndiyankhe tsopano. Sindilemba paliponse. Ndimalemba pachikuto, pathabwa kapena papulasitiki, kutali ndi bolodi lodutsa magetsi. M'kanema wa chubu ndiye sindiyandikira n'komwe kumene kumakhala magetsi aakulu. Ndinaphunzira mu 2003, pamene ndinachonga ndi pensulo pafupi ndi waya wonenepa wa kanema wa munthu wa vidiyo sho. Nditayatsa kunathetheka, chubu n'kufa, ndipo ndinakhala mwezi wathunthu ndikuzemba njira ya kunyumba kwake. Sindinauze munthu aliyense, ngakhale malemu mayi ako.

Iwe unali pashopu masiku amenewo. Ukukumbukira kuti kanema akabwera ndinkakutuma kukagula mandasi? Ndinkaopa kuti magetsi angakugwire, ndiponso mumtima ndinkati mwana wamkazi mawailesi amukwanira. Ndinakuphunzitsa kulemba dzina, koma sindinakuphunzitse pamene salemba, chifukwa ndikanayenera kukuuza za kupusa kwanga. Theka la pensulo imeneyo ndi langa ndipo ndikuchita manyazi.

Koma theka linalo, la kukhala chete miyezi iwiri munthu wamkulu akunyozedwa, ndi lako. Sindikunyengerera. Dzina lija sitilemba kuti atitame. Unalilemba kuti chinthucho chikafa adziwe wokamufunsa, ndipo chafa, ndipo akufunsa munthu wolakwika. Usafufute. Ngati akuchotsa, bwera, benchi lilipo. Kuli bwino ndikulandire pa Chileka ulibe ntchito kusiyana n'kuti ndizilandira moni wa a Sakala ndikudziwa zimene tinawachita.

Juliet atumiza lero lomwe kuti ifike tsiku lotsegula bokosilo lisanakwane.

Bambo wako,
A. Chimbalanga

Balaka
23 March 2024

Achemwali,

Pepani, pepani. Foni yanga inagwera m'beseni Lamlungu lomwelo ndisanajambule kalata ya madala, ndipo nambala yanu inali m'menemo. Zondiwe wakhala nayo masiku asanu, akuti amadikira sikirini yochokera ku Limbe. Madala ndinawanamiza kuti inapita. Nayi tsopano, ndikudziwa kuti yachedwa. Munatani Lachinayi? Tiuzeni chilichonse, ngakhale choipa.

Juliet

North York
2 April 2024

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino. Kalata yanu inafika Loweruka, patapita masiku awiri bokosi litatsegulidwa. Ndikanakonda kukuuzani kuti kalatayo sinali yofunika kwa ine, koma ndingakhale ndikunama.

Lachinayi lija ndinalowa m'chipinda choyera ndi thonje ndi sipiriti. Ndinamasula kambale kaja n'kukatembenuza. Ndinapukuta, Bambo. Ndinapukuta mwamphamvu mpaka chala chinapweteka. Koma magetsi aja pothetheka anayenda motsata zilembo n'kuziwotcherera m'seramiki. Pensulo inachoka, dzina linatsala, lakuda bii, ndi deti lomwe.

Ndili m'kati mopukuta, a Sakala analowa. Anaima kumbuyo kwanga n'kuwerenga. Pakampani ponse ndi iwo okha amene akanadziwa tanthauzo la mawu amenewo. Sanakalipe. Anati, "Ninaziba kudala kuti ni pa corner yako, mwana wanga. Mawaya yanga niyaziba." Kenako anatenga kambale katsopano m'kabati n'kundipatsa. "Faka aka. Ako ika mu chola, don't show anyone. Ine nakula, nizapeza vochita ku ma warehouse. Iwe uli na permit yoganizira."

Ndinaika m'chikwama. Ndinawathokoza, tangoganizani. Ndinakwera basi ndi kambaleko, ndinagona nako masiku awiri, ndipo ndinayamba kudziuza kuti poti mwini wake wavomera, palibe mlandu. Ndiye kalata yanu inabwera.

Lolemba m'mawa ndinagogoda paofesi ya mayi Sandra n'kuika kambaleko patebulo pawo. Anandifunsa kuti mawuwo akuti chiyani. Ndinawamasulira, ndinawauza za shopu yanu, za benchi, ndi chifukwa chimene mumalembera. Pazaka zinayi zimene ndagwira nawo ntchito ndinali ndisanawauzepo kuti ndinu wokonza mawailesi pamsika, ndinkangoti bambo anga ali m'zamagetsi. Choncho Juliet sanalakwitse kwenikweni pa zija zoti ndikuchita nanu manyazi, ndipo izinso ndikupepesa. Mayi Sandra anati za pensulo akanazimvetsa, aliyense amalakwitsa, koma za milungu khumi ndi umodzi ija ndinabisa chilungamo sakudziwa ngati adzazimvetse.

Mawaya a Sakala anawayeza limodzi ndi limodzi ndipo onse ali bwino. Kontirakiti yawo aiwonjezera zaka ziwiri, ndipo mayi Sandra anawapepesa pamaso pa tonse. Ine sanandichotse, koma andipatsa kalata yochenjeza komaliza, ndipo miyezi isanu ndi umodzi sindilowa m'chipinda choyera. Ndikuyeza makebulo kuchipinda chapansi. Ditekita ikayesedwanso mu June ndipo ine sindipita nawo.

A Sakala anandikalipira kuti ndawononga mapulani awo, koma masana anabwera kudzadya nane pansipo. Mayi Mathilda ndiye ayi. Lamlungu la Pasaka ndinawapatsa moni kutchalitchi, anandiyang'ana n'kunena kuti, "Unadya pa nyumba panga kangati mu February?" Sindikuwaimba mlandu.

Chatsala chimodzi chimene chikundivuta kulemba. Kambale kaja akaika m'kabokosi kagalasi n'kukapachika pakhomo la chipinda choyera, pansi pa chikwangwani choletsa mapensulo. Wantchito watsopano aliyense azionetsedwa. Ndinkafuna dzina lanu likhale m'makina abwino, Bambo, koma ndalipachika pakhoma ngati chitsanzo cha cholakwa. Ndinapempha kuti aphimbe dzinalo, anakana. Mundikhululukire.

Mwana wanu,
Sungeni

Balaka
14 April 2024

Mwana wanga Sungeni,

Moni. Kuno tili bwino. Galasi lafika ndi mayi uja, ndipo ndaona kuti zinthu zina zimene ndakhala ndikuwotcherera chaka chino n'zochititsa manyazi. Mawailesi atatu ndawaitanitsanso.

Kalata yako ndaiwerenga kamodzi kokha, yakwana. Za thonje zija zandipweteka, sindibisa. Koma ine ndinazemba munthu wa vidiyo sho mwezi wathunthu, choncho sindingakweze mawu kwambiri. Munthuyo alipo, amagulitsa matayala ku Liwonde. Lachitatu ndinakwera minibasi kukamuuza chimene chinapha kanema wake. Anali ataiwala, anaseka mpaka kutsokomola, koma ine ndinabwerako wopepuka.

Mayi Mathilda usawathamangire. Uziwapatsa moni Lamlungu lililonse, ayankhe asayankhe, ndipo usakadye kwawo mpaka akuitane okha. Ndawalembera a Sakala kalata yangayanga, Juliet aitumiza pamodzi ndi ino. Uipereke osawerenga.

Usakapemphenso kuti aphimbe dzina. Zondiwe anandifunsa dzulo ngati makina a mwana wanga anagwira ntchito. Ndinamuuza kuti anafa, ndipo atatsegula anapezamo dzina langa, ndipo wokamufunsa anapezeka, anachita kupita yekha. Sanamvetse, akuti ndakalamba. Undijambulire kambaleko pamene akapachikapo, zilembo zioneke bwino. Ndikufuna ndikaike pafupi ndi chithunzi chako, chimene chabwerera pamsomali wake.

Ukadzabwera ndidzakutsegulira kanema wa chubu, ndasunga mmodzi pansi pa tebulo. Ndidzakuonetsa pamene salemba, ngakhale ukudziwa kale kuposa ine.

Chikwangwani ndinachipala ndi mpeni Loweruka. Utoto unali utagwira, moti mawu awiri aja atuluka ndi zipsera, ndipo M wa Mwana wang'ambika mwendo umodzi. Juliet akuti tiitane wolemba zikwangwani alembenso mwatsopano. Ndakana. Akuwerengeka.

Ndine bambo wako,
A. Chimbalanga ndi Mwana